Amene Anasema Amayi a Chisoni a ku Médano Chico

Bambo mfumu, abale a mbali zonse ziwiri, anthu a kuno ku Médano Chico, ndi inu mwayenda mtunda kudzatikhuza, ndaima pano m'malo mwa banja. Ndine Fermín Ontiveros, mlongo wawo wa Doña Nélida amene aferedwawa, ndipo malemu anali alamu anga kwa zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Amene agona pamaso pathuwa, malemu a Evaristo Guaquinchay, anabadwa pa 26 Okutobala 1946 m'mudzi muno, kutsidya kwa ngalande yaikulu, m'nyumba ya zidina imene lero palibe ndi chizindikiro chomwe. Anali achinayi mwa ana asanu ndi awiri a bambo Nicasio Guaquinchay, amene ankadulira mphesa m'minda ya eni ake, ndi mayi Eulogia Talquenca. Sukulu analekezera kalasi yachisanu. M'chaka cha 1960 bambo awo anawakweza sitima kupita ku Córdoba, kukaphunzira kusema mwala wa nsangalabwi kwa Don Ottorino Baldacci, Mtaliyana wosema miyala ya pamanda ndi ziboliboli za m'tchalitchi. Zaka zitatu zoyamba sanawalole kugwira tchizulo, ntchito yawo inali kukwecha ndi kusalaza zimene ena asema. Pamalopo panali lamulo lakuti wantchito salemba dzina lake pa chimene wasema, ngakhale kunsi kosaoneka. Malemu analisunga lamulo limeneli moyo wawo wonse, ndipo mumva posachedwa chimene linawachitira.

Anabwerera kuno mu 1971 natsegula chisakasa chawo pafupi ndi manda. Pa 18 Novembala 1972 anakwatira mlongo wanga. Ndivomere pamaso panu kuti ukwati umenewu ine ndinaukana. Ndinati, "Nélida, iwe zoona ukwatiwe ndi munthu wa fumbi, amene makasitomala ake onse ndi akufa?" Iye anandiyankha kuti, "Bola iye ake sadandaula. Ako amakuthamangitsa ndi ndodo." Nthawi imeneyo ndinali ndi kalole kamodzi kochita kukankha kuti kalire. Lero malole anga akuwoloka mapiri kupita ku Chile, ena ali ku Brazil ndi ku Paraguay pamene ndikulankhula pano, ndipo sindinafike apa chifukwa cholakwitsalakwitsa. Koma pa munthu uyu ndinalakwitsa. Mwana wawo woyamba, Ramona, anabadwa mu 1974, ndipo amene anamuimira pa ubatizo anali mnzawo wa paubwana, a Hipólito Arancibia, amene tonse timawatchula kuti Don Polo, ndipo masiku amenewo ndiwo ankasunga makiyi a tchalitchi chathu. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa ankaitanana kuti kompadre.

Pa 23 Novembala 1977, dzuwa litangotuluka, chivomezi chinagwetsa mudzi uno. Akuluakulu mukukumbukira. Malemu anataya mng'ono wawo, Tránsito, amene khoma linamugwera. Tchalitchi nachonso chinagwa, ndipo denga linaphwanya chiboliboli cha Amayi a Chisoni, Amayi a Ambuye athu, chija makolo athu anachitenga pa abulu kuchokera kudoko, chosemedwa ku Genova zaka mazana awiri zapitazo. Tsopano ndinena zimene sizinanenedwepo poyera. Chinasweka zidutswazidutswa, nkhope yonse inasanduka ufa. Amene anachipeza anali awiri okha, Bambo Lisandro, wansembe wathu wa nthawi imeneyo, ndi Don Polo. Anthu anali kugona pansi pa mphesa, kuika maliro tsiku ndi tsiku, mabanja ena atayamba kale kumanga katundu. Bambo Lisandro anaopa kuti anthu akamva kuti ngakhale Amayi aphwanyika, mudzi utha. Choncho analengeza kuti Amayi apezeka amoyo pansi pa zigumukire, angoda ndi fumbi, ndipo atumizidwa kukatsukidwa. Kenako iwo ndi Don Polo anabwera kuchisakasa kwa malemu kudzawapempha kuti aseme china mwachinsinsi.

Mwala wake ndinanyamula ndine, kuchokera kumapiri a ku Córdoba, pa kalole kanga kaja. Anandiuza kuti ndi wa pamanda a mayi wina wolemera, ine ndinakhulupirira. Malemu anatseka chitseko nagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri. Chithunzi chenicheni cha chiboliboli chakale panalibe, koma timapepala ting'onoting'ono tija amagawira ana pa mgonero woyamba. Mkanjo ndi manja anatsata zidutswa zotsala. Nkhope inasowa poonera, ndiye anasema ya mayi awo, a Eulogia, monga inkaonekera masiku amenewo ataika Tránsito.

Nsangalabwi yatsopano imayera ngati mchere, pamene yakale ija inali itachita chikasu ndi utsi wa makandulo a mibadwo. Malemu anawiritsa masamba a tiyi wathu wa kuno wotchedwa mate, otsala m'zipanda za pakhomo, napaka madzi ake tsiku ndi tsiku, kenako utsi wa kandulo ndi phula la njuchi. Phazi lamanja la chiboliboli chakale linali litaperepeseka ndi milomo ya anthu. Mlongo wanga, ali ndi pakati pa mwana wachitatu, anakhala pansi masabata asanu ndi limodzi kulikwecha ndi kamwala ndi chikopa mpaka linafanana. Ntchito itatha, Bambo Lisandro anaikitsa malemu dzanja pa buku la Misa, nalumbira kuti sadzanena kwa munthu kufikira iwo eni atawamasula. Dzina sanalembepo, monga anaphunzitsidwira. Malipiro sanafunse.

Pa 15 Sepitembala 1978 Amayi anatuluka pa mdipiti. Anthu anagwada m'fumbi, amuna akuluakulu akulira. Amayi okalamba anayang'ana nkhope ija nati, "Taonani, Amayi aonda ndi chisoni cha chivomezi." Mabanja amene anafuna kusamuka anamasula katundu wawo. Zaka khumi ndi zitatu malemu anali mmodzi wa amuna asanu ndi atatu onyamula Amayi paphewa. Chaka china ndinawafunsa kuti, "Alamu, anthu onse akupsompsona phazi, inu bwanji mumangodutsa?" Anati, "Milomo yanga ili ndi fumbi, ndingawadetse."

Mu 1991 Bambo Lisandro anasamutsidwira kummwera kwenikweni kwa dziko. Don Polo anali atayamba malonda a zinthu zakale. Anauza komiti ya tchalitchi kuti akuba achuluka, chuma chotere n'chofunika kukasungidwa kulikulu, ndipo iwo abweretsa china cha pulasitala choti tizipempherapo. Komiti inavomera. Anatenga Amayi pamodzi ndi mapepala akale a parishi, aja ankanena za chiboliboli choyamba cha ku Genova, nakagulitsa zonse kwa munthu wina wachuma. Madzulo oti mawa lake katundu anyamuka, malemu anapita kwa Don Polo. Anati, "Kompadre, inu mukudziwa chimene mukugulitsachi." Don Polo anayankha kuti, "Ine ndikudziwa, koma inu munalumbira." Anawathiranso vinyo m'tambula. Malemu anausiya pathebulo osamwa.

Wachuma uja anapereka Amayi kunyumba ina yosungira zakale ku Buenos Aires mu 1994. Patatha zaka ziwiri malemu anandipempha kuti ndiwaperekeze akaone. Ine, posadziwa kanthu, ndinayesa kuti ndi kupembedza chabe. Ndinawatenga pa galimoto yanga yatsopano, ndinawagoneka m'hotela ya makapeti, ndinawadyetsa nyama imene sanaidyepo. Titalowa tinapeza Amayi ali pamalo aulemu, nyale zikuwawalira, ndipo pakachikwangwani analemba kuti: Taddeo Bruzzone, Genova, 1780. Malemu anaima pamenepo ola lathunthu. Atasendera pafupi, mlonda anawauza kuti, "Agogo, bwererani kumbuyo kwa chingwe, zimenezi si za kumsika." Anabwerera mwaulemu. Potuluka anandiuza chinthu chimodzi chokha: "Chala chapakati cha dzanja lamanzere n'chachitali pang'ono. Bruzzone ameneyu akanachikonza." Ine ndinawaseka kuti wosema miyala ya pamanda akudzudzula katswiri wa ku Italiya. Ndinagulanso buku pakhomo paja, momwe pulofesa wina anadzaza masamba awiri kufotokoza kuti nkhope imeneyi ndi ya akazi a m'mbali mwa nyanja ya ku Genova. Nkhope ya mayi Eulogia Talquenca, amene anamwalira asanaonepo nyanja.

Ku Genova ndinafikako ine mwini mu 2001. Ndayenda maiko khumi ndi asanu ndi anayi, ndalowa m'matchalitchi amene denga lake ungathyoke khosi poliyang'ana, ndinakweranso mpaka kumapiri a ku Carrara kumene amakumba mwalawo. Ndinaona zosema zambiri zokongola, sindikana. Koma nkhope yoti munthu uiyang'ane n'kukumbukira maliro a kwanu, ndinaiona malo amodzi okha, ndipo amene anaisema ankadya pathebulo langa Lamulungu lililonse ine osadziwa.

Kachikwangwani kaja sikanakhazikike. Mu 2003 ophunzira ena anatsutsa kuti Bruzzone sankasema mkanjo chonchi, ndiye anasintha n'kulemba kuti ndi ntchito ya ophunzira ake. Mlongo wanga akuti malemu atamva anangoti, "Anditsitsa udindo." Mu 2008 anasinthanso: wosema wosadziwika, wa ku Italiya. Apa akuti anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Nélida, ayandikira tsopano. Wosadziwikayo ndine ndithu, ku Italiya kokhako ndiko sindinafike."

M'mwezi wa Meyi 2009 Bambo Lisandro anabwezedwa ku San Juan ali wodwala kwambiri. Anaitanitsa malemu ndi Don Polo pambali pa bedi lawo. Anawamasula malemu ku lumbiro lija, anawapepesa, ndipo anauza Don Polo kuti akaime nawo ngati mboni kulikonse kumene kungafunike. Don Polo anapsompsona dzanja la wansembe nalonjeza. Patapita masiku awiri Bambo Lisandro anamwalira, osasiya cholembedwa chilichonse. Lamulungu lotsatira, titatha kudya, malemu anandiuza zonse zimene ndakuuzanizi. Ndinadzuka n'kuzungulira nyumba katatu. Lolemba m'mawa tinali pamsewu.

Kunyumba yosungira zakale kuja anatilandira bwino, ndisawanamizire. Mayi wina wophunzira kwambiri anatipatsa khofi, nafunsa kuti dzina lawo lili pati pachiboliboli. Palibe. Chithunzi chojambulidwa akusema? Palibe, chitseko chinali chotseka. Kalata ya wansembe? Palibe. Mboni? Mkazi wawo. Mayi uja anamwetulira nati mkazi wa munthu sawerengedwa. Malemu anati, "Mayi, kandani pang'ono kunsi kwake mupime. Mwalawo ndi wa ku Córdoba, ndipo chikasucho ndi tiyi wa mate wa m'khitchini mwathu." Anawayang'ana monga timayang'anira nkhalamba imene yasochera pa basi. Komabe anati alembera a Arancibia, Don Polo uja, poti ndiwo anagulitsa. Ife tinabwerera ndi chimwemwe, poti a Arancibia anali atalonjeza pamaso pa munthu amene anali kumwalira.

Yankho la Don Polo ndili nalo m'thumba muno, chifukwa anatitumizira kope lake. Analemba kuti a Evaristo ndi munthu wabwino, wosema miyala ya pamanda, koma ukalamba wayamba kuwasokoneza mutu, ndipo aliyense kumudzi akudziwa kuti akasema nkhunda imatuluka bakha. Malemu anandipempha kuti ndiwawerengere kawiri. Sanatukwane. Anati, "Ndi yemweyu ananyamula Ramona pa ubatizo." Ananyamuka n'kupita kuchisakasa, tinangomva nyundo ikulira mpaka dzuwa kulowa.

Mu 2018 mtsikana wina wofufuza za miyala anachita chimene malemu anapempha zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Anapima. Mwala unapezeka wa ku Córdoba, ndipo m'chikasu muja anapezamo tiyi wa mate. Nditamva ndinagula ng'ombe yoti tiwotche, ndinati tsiku lafika. Sindinadziwe kuti kwa anthu a kumeneko chinthu chikapanda kukhala cha Mtaliyana, ndiye kuti ndi cha wakuba. Anachotsa Amayi pamalo paja. Atolankhani anapita kwa amene anagulitsa, ndipo Don Polo, amene anakana kuti malemu sangaseme ndi nkhunda yomwe, tsopano anakumbukira bwinobwino. Anati nayenso anapusitsidwa ndi wosema miyala ya pamanda wa kumudzi kwawo, amene anasinthanitsa chiboliboli chenicheni ndi chabodza pa nthawi ya chivomezi. Anatchula ndi dzina. Umu ndi mmene dzina la Evaristo Guaquinchay linalembedwera koyamba pafupi ndi ntchito ya manja awo: m'nyuzipepala, pansi pa mutu wonena za chinyengo.

Za kulikulu zinawapweteka, koma zimene zinawathyola ndi za kuno. Azimayi amene anapsompsona phazi lija zaka khumi ndi zitatu anayamba kuwoloka msewu akawaona. Wina anapaka matope pachitseko cha chisakasa. Mabanja amene malemu anawasemera miyala ya makolo awo anayamba kukaitanitsa kutauni. Mlongo wanga anapeza kuti tsiku la pemphero la korona lasinthidwa osamuuza. Ena mwa inu muli pano, mwavala zakuda, ndipo sinditchula mayina, poti malemu sakanakondwa. Ine ndinabweretsa maloya awiri okwera mtengo kuposa onse m'chigawo chino, ndinati tipite kukhoti, ndilipira ndine ngakhale nditagulitsa malole asanu. Anakana. Anati, "Alamu, kuti ine ndiyere, ndiye kuti tinene kuti Bambo Lisandro ananama pa guwa. Iwo sangadziyankhire. Ndipo amayi aja adzati anagwadira chiyani zaka zonsezi?" Ndinawauza kuti ndi ouma mutu kuposa mwala wawo. Anati mwala suuma mutu, umangofuna kuupeza mbali yake.

Dzulo mlongo wanga anandiitanira kuchipinda nati, "Fermín, ukanene zonse. Iye anasunga aliyense, koma palibe anamusunga iye." N'chifukwa chake mwamva zimene mwamvazi. Bambo Lisandro ananama kuti mudzi usathe, ndipo sunathe. Malemu sanabe kanthu, sanagulitse kanthu, sanalandire kanthu. Zidutswa za chiboliboli chakale anazikwirira mwaulemu iwo ndi wansembe pansi pa guwa la tchalitchi chatsopano, ndipo zilipo mpaka lero kwa amene akufuna kukumba.

Matenda anayamba mu 2021. Madokotala anati fumbi la mwala la zaka makumi asanu ndi limodzi ladzaza m'mapapo. Anasiya ntchito, nayamba kuyenda ndi botolo la mpweya. M'mwezi wa Malichi chaka chino ndinapitanso ku Buenos Aires ndekha, ndinakhala pabenchi masiku atatu mpaka anatopa nane n'kunditsitsira kuchipinda chapansi. Amayi ali m'bokosi la matabwa, agona chagada pakati pa mipando yothyoka, kuphazi kwawo atamangirirako kapepala ka nambala. Nditabwera ndinafuna kuwabisira malemu, koma anandiyang'ana mpaka ndinanena. Atamva anati, "Za dzina zisiyeni, alamu. Mungowauza awaimiritse. Sindinawaseme kuti agone." Talemba makalata atatu. Yankho lake ndi lakuti nkhaniyo ili m'manja mwa komiti.

Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Julayi, ndipo anatisiya Lachisanu pa 19 Julayi 2024, nthawi ya masana, atalandira masakramenti, dzanja lawo lili m'dzanja la mkazi wawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, Bambo mfumu amene sanaleke kuwayendera pamene ena analeka, madalaivala anga amene anyamula bokosi, ndi a Doña Zulema Illanes, amene zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi ankabweretsa buledi Loweruka lililonse poyera, anthu akuona. Nkhata za maluwa zonse talandira ndi manja awiri, kupatula imodzi, yaikulu kuposa zonse, imene mwaiona itatsamira kunja kwa mpanda. Mwini wake atume munthu adzaitenge.

Malemu asiya mkazi wawo, Doña Nélida Ontiveros. Ana anayi, Ramona, Nicasio, Dolores ndi Abel. Zidzukulu khumi ndi chimodzi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, a Petrona. Asiyanso Amayi a Chisoni a nsangalabwi, amene ali m'bokosi kuchipinda chapansi ku Buenos Aires. Anawasema ndi a Evaristo Guaquinchay, a ku Médano Chico, m'chaka cha 1978, pa mwala wa ku Córdoba, nkhope yake ndi ya mayi awo. Palibe khoma limene mawu amenewa alembedwapo, ndiye ndawanena pano nonse mukumva.

Alamu, ntchito munaigwira ndipo inatheka. Zotsalazo zisiyireni ife. Ambuye akulandireni, mupumule mu mtendere.